Matewera Amene Anaoloka Nyanja

Thiranki ya amayi inkanunkha timibulu toyera tija tothamangitsa njenjete. Ukangotukula chivindikiro, fungo lake linkakubaya m'mphuno mpaka misozi kulengeza. Inali yachitsulo, yobiriwira, yophwanyika pakona imodzi chifukwa cha ulendo wa pa lole kuchokera ku Katete ine ndisanabadwe. Nthawi ya dzinja inkakhala pamwamba pa njerwa zinayi, monganso bedi la makolo ndi thumba la ufa, pakuti ku Kanyama, komboni yathu, madzi a mvula salowa pansi. Pansi pake ndi mwala wokhawokha. Mvula ikagwa masiku atatu, madzi ankalowa m'nyumba osaodira n'komwe, achule n'kumalira kuseri kwa chitseko ngati pakwawo.

Dzinja limene ndikunenali ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili giredi folo. Zinthu zinali zitathina m'dziko muno. Atate ankagwira ntchito ku fakitale yopanga mapoto, koma zitsulo zinasiya kubwera, ndiye ankapitako masiku atatu okha pa mlungu. Masiku enawo ankangokhala pakhomo n'kumakonza wailesi yomwe sinali yowonongeka. Amayi ankakazinga vitumbuwa pamsewu, tsiku limene apeza fulawa ndi mafuta. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonsezi zinali za pamzere. Ukaona anthu afola pa sitolo ya boma unkayamba waimapo, kenako n'kufunsa wapatsogolo pako kuti kodi kwabwera chiyani.

Kunali anthu a kalabu ina amene ife tinkawatchula kuti a mabaji, chifukwa aliyense wa iwo ankavala kabaji konyezimira pachifuwa. Anali anthu a m'tauni, eni masitolo, madokotala, akuluakulu a m'maofesi, akuda, amwenye ndi azungu omwe. Ankasonkha ndalama n'kumathandiza anthu. Madesiki a m'kalasi mwathu anagula ndi iwowo, choncho tinkawakonda, ndipo galimoto yawo ikaima pa sukulu tinkathamangira kukaizinga. M'mawa wina anabwera ndi zithunzi za m'nyuzipepala n'kuzimata pa bolodi. Anati kudziko lina lakutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu, kunaomba chimphepo, nyanja inatuluka n'kukokolola midzi. Pa chithunzi china panali mayi atakwera mumtengo, khanda lamaliseche lili m'manja.

Tinayang'ana zithunzizo mapazi athu ali m'madzi, chifukwa kalasi yathu nayo inali itasefukira. Komabe ndisaname, madzi athu ankalekeza m'mawondo, awo anafika padenga. Tinawamvera chisoni ndithu. A mabaji anafotokoza kuti iwo adzayenda pansi kuzungulira tauni ndi zitini zopemphera ndalama, ndipo ife ana a sukulu tibweretse zovala ndi mabulangete, zidzakwera sitima ya pamadzi. Mwana amene adzabweretse zabwino koposa, anatero, adzavekedwa kabaji kakang'ono pamaso pa sukulu yonse. Ha! Kabaji kameneko kanandilowa mumtima tsiku lomwelo.

Amayi atamva anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, koma sanakane. Anatenga shati yakale ya atate, naichapa ndi kachidutswa ka sopo kamene ankasungira Lamlungu, naisita ndi simbi ya makala mpaka kolala inaima. Ndinainyamula m'pepala ngati mkate. Mayi wa kalabu amene ankalandira zinthu anali wa magalasi ndi zikhadabo zofiira. Anaitambasula shatiyo n'kuikweza chakuwindo, ndipo kuwala kunadutsa pamsana pake m'timabowo tosawerengeka. Sananene choipa chilichonse, anangoiponya m'katoni ya pambali momwe munali zisanza. Koma Chilufya, mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi, sakanalola mwayi wotere kumudutsa.

"Dailesi, iyo ni shati ya batate bako olo ni sefa?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Ine tsiku lonselo sindinadzutse mutu.

Mawa lake amayi analawirira ku mzere wa sopo, atate anali ku fakitale. Kiyi wa thiranki ndinkadziwa kuti amakhala m'kachitini ka mabatani. Ndinachotsa diresi la amayi la kutchalitchi, jekete la atate la pa ukwati, makadi a kuchipatala, ndipo pansi penipeni ndinapeza kachikwama kosokedwa ndi nsalu ya chitenje. Nditakamasula ndinangoti kukamwa yasa. Munali matewera khumi ndi awiri oyera mbee, osagwiritsidwapo ntchito. Munali timajuzi tiwiri toluka tachikasu, kachisoti, timasokisi tokwana chala changa chachikulu, mapini akuluakulu awiri, ndi shawelo yoyera yaubweya ikadali m'pulasitiki mwake. M'nyumba mwathu, momwe thaulo tinkapukutira limodzi anthu atatu, munali chuma chotere!

Ndinaganiza kuti zinali za Yohane. Yohane anali mlongo wanga amene anabadwa zaka ziwiri m'mbuyomo n'kukhala masiku asanu okha. Iye asanabwere kunalinso wina, amene amayi anapita naye kuchipatala m'mimba n'kubwerako manja lende. Ana oterewa kwathu saliridwa mokweza. Azimayi achikulire anapita nawo okha kumanda, ndipo pambuyo pake palibe ankawatchula. Ndiye mutu wanga wa giredi folo unati zovalazi zilibe mwini, zikungowawitsa amayi mtima, pamene khanda la mumtengo lija likuzizidwa. Izi ndiye zimene ndinadziuza. Koma pamene ndinkakankhira kachikwamako m'thumba langa la mabuku, m'maso mwanga munalibe khanda lililonse, munali nkhope ya Chilufya.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti amayi anali oyembekezera, ndipo anali atatopa kale, mwezi wachisanu ndi chitatu. Wina angafunse kuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi osaona mimba, maso anali kuti? Amayi anali a thupi lalikulu chibadwire, chitenje ankamangira pachifuwa, ndipo nkhani zotere ana sauzidwa. Ndinkawaona akudya dothi la pachulu, akulavula pafupipafupi, akugona masana, ine n'kumati ndi malungo. Komanso kwathu mwana amene sanabadwe satchulidwa, ndipo zovala zake sizionetsedwa kwa munthu. Amati ukamutchula msanga wamuitanira tsoka. Amayi nthawi ziwiri zija anali atasangalala poyera, kuonetsa anzawo tizovala, ndipo nthawi zonse ziwiri anatsala opanda kanthu. Ulendo uno analumbira mumtima kuti pakamwa pawo sipatuluka liwu mpaka atamva mwana akulira. Matewera aja anawasonkhanitsa limodzilimodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi kwa mayi wina amene ankaoloka malire kukapikula katundu. Timajuzito ankaluka ine ndili ku sukulu. Zonsezi ndinadzazimva ndili wamkulu.

Ku sukulu zinayenda monga ndinkafunira. Mayi wa zikhadabo zofiira atatulutsa shawelo ija anaomba m'manja, naitana anzake kuti adzaone. Bambo wina wa kalabu, a Sakala, wa tayi ndi mimba yake, anandigwira dzanja ngati munthu wamkulu. Ahedi analemba dzina langa n'kulengeza kuti Lachisanu la mlungu wotsatira kabaji kadzakhala ka Dailesi. Chilufya anangoyang'ana zala zake. Ndinabwerera kunyumba ndikudumpha pa miyala yopondapo, osaponda m'madzi ngakhale kamodzi.

Loweruka m'mawa kunatuluka kadzuwa, ndipo amayi anatsegula thiranki kuti ayanike zovala zisachite nkhungu. Ine ndinali panja kutsuka mbale. Ndinamva zinthu zikugwa pansi chimodzichimodzi, kenako zii.

"Dailesi, bwera kuno. Kachikwama kanali pansi apa kali kuti?"

Ndinawauza. Ndinafotokoza za mayi wa mumtengo, za sitima ya pamadzi, ndipo za kabaji ndinazitchula kawiri. Ndinkadikira mbama, ndipo bwenzi zili bwino akanandimenya. Iwo anangokhala pansi, pa simenti yonyowayo, atatambalala, manja ali pamutu. Kunja mitambo inali kusonkhananso. Kenako anadzuka mogwira khoma, anavala chijasi cha mvula cha atate, chakuda, chofika m'akakolo, n'kunena mawu amodzi okha: "Tiye."

Katundu wa kalabu ankasungidwa m'shedi ina kufupi ndi mafakitale. Tinayenda pansi, mvula ikuwaza. Njira za m'komboni zinali mitsinje, madzi ake ofiirira, onunkha zimbudzi zosefukira, mapepala ndi zikonyo za chimanga zikuyandama. Amayi ankayenda pang'onopang'ono, ndipo anaima katatu atagwira m'chiuno, akupumira m'kamwa. Pa ngalande ina yaikulu panali thabwa lowolokerapo. Iwo anaoloka koyamba n'kunditambasulira dzanja, ine ndinaterereka pamapeto pa thabwalo n'kugwera pa iwo, tsaya langa n'kukanikiza pamimba pawo. Pamenepo china chake m'kati mwa chijasi chinandimenya patsaya. Chinamenyanso kachiwiri, mwamphamvu ndithu, ngati kachidendene.

Ndinakweza maso. Amayi anayang'ana kumbali.

"Yang'ana njira," anatero.

Sindinali wopusa choncho ayi. Ndisanafike kutsidya kwa msewu waukulu ndinali nditadziwa mwini wake wa matewera aja.

M'shedimo munkanunkha zovala za anthu ambirimbiri. Mabelo anali ataunjikidwa mpaka kudenga, ndipo azibambo awiri ankasoka masaka ndi masingano akuluakulu. Patebulo lina lalitali panali zovala za makanda zokhazokha, zisanalongedwe, ndipo pamwamba pake ndinaona kajuzi kachikasu kamodzi, mkono wake ukulendewera. A Sakala anali pa tebulo la pakhomo, akulemba pa makatoni. Atandiona nkhope yawo inawala.

"Aa, ni iwe wa shawelo! Bamayi, uyu ni mwana wanu? Mwalela bwino, zoona."

Amayi anapinda mawondo pang'ono, momwe akanathera, manja ali pamodzi. Ananena motsitsa mawu kuti mwana anatenga kachikwama osapempha, ndipo abwera kudzapempha kuti kabwezedwe. A Sakala anaika cholembera pansi n'kupuma mozama. Sanali munthu wankhanza, ndikuwaikira umboni. Anafotokoza kuti mlungu wonsewo anthu akhala akubwera ndi nkhani ngati yomweyo, wina akuti jekete langa, wina akuti bulangete langa, mawa lake zinthuzo n'kupezeka pa salaula, pamsika wa zovala zakale. Choncho a kalabu anagwirizana kuti chalowa m'shedi sichitulukanso. Kenako anawayang'ana amayi, chijasi chikudontha madzi kuyambira m'khosi mpaka pansi, ndipo anafewa.

"Koma ngati muli na kamwana ku nyumba, kambani chabe. Nizakupasani manje manje."

"Kunyumba kulibe khanda," anayankha amayi.

"Nanga vovala ivi mufunila ndani?"

Amayi anangoyang'ana pansi. Chinkafunika n'chochepa zedi, kumasula mabatani awiri a chijasi kapena kunena mawu atatu. Koma kumeneko kunali kumutchula mwanayo pamaso pa mwamuna wachilendo, azibambo osoka masaka akumva. Ndinaona dzanja lawo lili m'thumba la chijasi, litagwira pamimba. Masingano aja anasiya kusoka. A Sakala anadikira, anadikira, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, nikufunse iwe. Kuli kamufana kako kapena kali mu njila?"

Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero. Pakamwa pa mwana sipalakwa mwambo. Ndikanati inde, amayi akanandikalipira panjira, koma lumbiro lawo likanakhala losasweka, ndipo kachikwama kakanabwerera kunyumba. Tsaya langa linali likadakumbukira kachidendene kaja. Koma maso anga anali pa baji ya a Sakala, yonyezimira pa kolala ya jekete lawo. M'maganizo ndinaona ahedi akufufuta dzina langa. Ndinamva Chilufya akuuza kalasi yonse kuti Dailesi anaba zovala kwawo, amake anakazilanda.

"Iyayi," ndinatero. "Nili neka."

A Sakala anatambasula manja, kusonyeza kuti palibe chimene angachite. Amayi anathokoza, anapindanso mawondo, ndipo tinatuluka. Ulendo wonse wobwerera sanandiyang'ane, komanso sanandisiye dzanja pa ngalande iliyonse.

Madzulo ake atate atamva anavula lamba, koma amayi anaima pakati pathu n'kunena kuti mwanayu asakhudzidwe, wathandiza anthu ovutika. Mawu amenewo anandipweteka kuposa lamba. Mlungu wotsatirawo amayi anang'amba nsalu yofunda ya pabedi pawo, thaulo lathu lija, ndi zitenje ziwiri zakale. Anzawo a khomo loyandikana, amake Asiyatu, Asilamu ochokera ku Mangochi amene amuna awo anali telala, anatenga zidutswazo n'kukazipinda m'mphepete pa makina. Azimayi awiriwa ankagwira ntchitoyi osatchula kuti n'za yani. Ankaziwiritsa m'chitini pa mbaula n'kuziyanika m'nyumba, chifukwa panja mvula sinkaleka, ndipo zinkauma zili zotuwa, zolimba ngati chikopa.

Lachisanu linafika, ndipo ndinavekedwa kabaji pamaso pa sukulu yonse, ana akuomba m'manja ataima m'matope. Ndikanakonda kunena kuti ndinakataya m'ngalande pobwerera. Ayi ndithu, ndinkakavala tsiku lililonse, ndipo ndinkakapukuta ndi malovu.

Patapita milungu itatu amayi anachira, m'mawa, ku kiliniki ya m'komboni. Nditaweruka ku sukulu amake Asiyatu ananditenga, titanyamula tiyi m'botolo ndi phala m'kapoto. M'chipindamo munali mabedi asanu ndi atatu, azimayi ena awiriawiri pa bedi limodzi, fungo la mankhwala opukutira pansi lili thoo. Nthawi zinali zovuta kwa aliyense, komabe khanda lililonse m'menemo linali m'shawelo, kaya yobwereka, kaya yakale, koma shawelo. Wathu yekha ndiye anali m'chidutswa cha chitenje chofwifwa, kumutu atamukulunga ndi kansalu ka thaulo. Anali mtsikana, wofiira, wamakwinya, akulira ndi mphamvu zake zonse. Tinapeza nesi ataima pa bedi la amayi, chidutswa chimodzi cha nsalu yofunda ija chili pakati pa zala zake ziwiri, ndipo ankalankhula kuti chipinda chonse chimve.

"Myezi naini yonse munali kuchita chani, imwe? Mwana mumuvalika visanza monga mwamutola pa marabishi? Namvula iyi azadwala chifuba. Bazimayi benangu mulibe nsoni!"

Azimayi a pa mabedi ena anadzutsa mitu. Wina anatsonya. Amayi anali chigonere, milomo youma, thukuta likadali pamphumi. Anandiona nditaima pakhomo ndi botolo la tiyi, kenako anabweza maso kwa nesiyo.

"Ni ulesi wanga, basista. Munikhululukile."

Nesi anaponya chidutswacho pabedi, ndipo potuluka anaima pamaso panga. Anagwira kabaji kanga n'kukawerenga. Anamwetulira, nandisisita kumutu, n'kunena kuti ndisadzatengere amayi anga, ine ndiye wanzeru, wothandiza ngakhale anthu a kunja. Amake Asiyatu anandiyang'ana. Ankadikira kuti ndilankhule. Mwana anali atabadwa tsopano, panalibenso mwambo wotseka munthu pakamwa. Ndinatsegula botolo n'kuyamba kuthira tiyi m'kapu, tiyi wina n'kutayikira pansi.

Mwanayo anakhala moyo. Ndi Esinati, mng'ono wanga, amene lero ali ndi ana ake atatu ku Lilanda. Dzinja limenelo anatsokomola ndithu, ndipo zisanza zija zinamusupula timatako mpaka kufiira, amayi n'kumamudzoza mafuta okazingira vitumbuwa. A kalabu sindiwaimba mlandu. Ndikhulupirira kuti katundu anafika kumene ankapita, ndipo khanda lina kutsidyako linafunda shawelo ya mng'ono wanga n'kugona bwino. Amayi anamwalira Esinati ali ndi zaka makumi awiri, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo kwa ine ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene tinkakangana pa zinthu zina.

Ndili mwana ndinapeza podzibisa. Ndinkati m'shedi muja ndinasunga mwambo, ndinachita chimodzimodzi ndi amayi, tonse awiri tinakana kutchula mwana wosabadwa, ndiye cholakwa changa chili pati? Ndinakhulupirira zimenezi zaka zambiri ndithu, mpaka nditatenga pakati panga poyamba n'kuyamba kubisa timasokisi pansi pa sutikesi, mtima uli m'mwamba usana ndi usiku. Ndi pamene ndinadziwa chimene chinawatseka pakamwa tsiku lija. Iwo ankaopa kuika mwana wachitatu m'manda, ndipo analola kutchedwa waulesi pamaso pa anthu kuti dzina langa lisatuluke. Ine ndinkangofuna kuti Lachisanu lifike.